Amisiri a ku London amasankha meya, nanga a ku Siyaso ndi ku Glen View?

Pa 29 Sepitembala chaka chilichonse, mamembala a mabungwe a amisiri ndi amalonda a mumzinda wakale wa London amadzaza holo ya Guildhall kuti asankhe Lord Mayor. Pa nsanja amakhala atawazapo masamba onunkhira, mwambo wotsalira wa masiku amene anthu ankati mliri umayenda ndi fungo loipa. Mayina a ma alderman, akuluakulu a khonsolo ya mzindawo, oyenera kupikisana amawerengedwa limodzilimodzi, ndipo khamulo limayankha mofuula: uyu tonse tamuvomera, uyu adikire chaka chamawa, uyu nthawi yake ikadali kutali. Mayina awiri amene apambana amaperekedwa kwa ma alderman, iwo n'kutuluka kukavota kuseri, pobwerako ali ndi dzina limodzi. Pa 24 Juni anthu omwewa amasankhanso ma Sheriff awiri, amene chaka chawo amathera ku khoti la Old Bailey kusamalira oweruza. Popeza munthu sangakhale Lord Mayor asanakhalepo Sheriff, mabungwewa amayang'anira chipata kawiri.

Uyu si Mayor of London amene anthu onse a mu London amavotera, udindo umene unayamba mu 2000. Lord Mayor ndi wa kachigawo kapakati, kosakwana masikweya kilomita atatu, ka mawadi 25, komwe kuli mabanki. Amakhala pampando chaka chimodzi ndipo salandira malipiro. Koma mpandowo ndi wakalekale: mfumu John inalola mzindawu kudzisankhira meya mu 1215, ndipo kuyambira mu 1475 osankha ndi ma liveryman, amisiri ndi amalonda amene mabungwe awo anawaveka mkanjo wa bungwe.

Chondilembetsa zimenezi ndi madandaulo amene amamveka m'malo a amisiri a mu Harare, kuno ku Zimbabwe: ku Siyaso ndi ku Magaba ku Mbare, ku Gazaland ku Highfield ndi ku Area 8 ku Glen View, kumene ana ndi zidzukulu za anthu obwera ndi Mthandizi ndi Ulere, zija zinkabweretsa antchito kuchokera ku Malawi, akuwotcherera mageti, kukhoma masofa ndi kusula mbaula limodzi ndi anzawo a kuno. Moto ukapsereza misasa, lendi ikakwera, mabuludoza akafika m'mamawa, mawu ndi omwewo: a khonsolo satimva. Inde satimva. Komatu a ku London liwu lawo sanalipeze podandaula. Panali ntchito za mzinda zimene mzinda sukanatha kugwira popanda iwo, ndipo iwo anazisenza ndi ndalama za m'thumba mwawo kwa zaka mazanamazana.

Anayamba ngati mabungwe athu a maliro

Ambiri mwa mabungwewa anayamba ngati timagulu ta abale a mumpingo. Matelala, amene lero amatchedwa Merchant Taylors, anali gulu la Yohane Mbatizi. Membala ankasonkha kanayi pachaka. Mmodzi akamwalira, anzake onse ankayenera kufika pa maliro, wojomba ankalipa chindapusa. Bungwe linkasunga nsalu yake yopeta yofunditsa bokosi, ndipo zina mwa nsaluzo, monga ya ogulitsa nsomba (Fishmongers) ndi ya opanga zishalo za akavalo (Saddlers), zilipo mpaka lero. Mkazi wamasiye ankathandizidwa, mmisiri wokalamba kapena amene maso achita khungu ankalandira kangachepe.

Munthu wokulira ku Mufakose, Rugare, Mabvuku kapena Tafara sachedwa kuzizindikira zimenezi. Makolo athu atafika ku Salisbury, lero Harare, opanda mbale wowaika m'manda, anayambitsa mabungwe a maliro potsata kwawo kochokera, ndipo limodzi lotchuka m'mbiri ndi Port Herald Burial Society la anthu a ku Nsanje. Mpaka lero mabungwe otere ali ndi buku la mayina, msonkho wa pamwezi, tcheyamani, mlembi, msungichuma, yunifolomu, chindapusa cha wochedwa, mapoto akuluakulu ndi tenti. Munthu akatsikira kulichete usiku, pofika m'mawa ufa, nkhuni ndi basi yopita ku manda a ku Mbudzi zapezeka. Kuyendetsa bungwe timadziwa, apa palibe wotiphunzitsa. Chimene tilibe ndi chimene a ku London anawonjezera pamwamba pa maliro: ulamuliro pa ntchito ya manja awo.

Mphamvu yaikulu ya bungwe inali ufulu wolowa pogwirira ntchito pa membala aliyense, osapempha, kukaona katundu. Akulu a bungwe, ma warden, ankayenda ndi miyeso m'manja. Matelala anali ndi ndodo yasiliva yotalika yadi imodzi, imene ankapita nayo ku msika wa nsalu wa Bartholomew Fair kukayesa ndodo za ogulitsa. Ogulitsa nsomba anali ndi oyendera awo pa msika wa Billingsgate, ntchito imene yafika mpaka m'nthawi yathu ino. Opanga mfuti, amene analandira chikalata cha mfumu mu 1637, akadayesabe mipope ya mfuti poiwombetsa ndi onga wopitirira muyeso, umene wapirira n'kuudinda. Zilango sizinali zamasewera. Mu 1364 John Penrose, amene anagulitsa vinyo wowonongeka, analamulidwa kumwa vinyo wakeyo, wotsala anamukhuthulira pamutu, n'kumuchotsa pa malondawo.

Oyenera kuwayang'anitsitsa ndi osula golide ndi siliva. Lamulo la 1300 linati siliva wogulitsidwa akhale wa muyeso umodzi, umene lero timati magawo 925 pa 1000, ndipo akayesedwa adindidwe mutu wa kambuku. Mu 1363 anawonjezera chidindo cha wosula mwiniwake. Mu 1478 anawonjezera chilembo chosonyeza chaka, katundu n'kuyamba kubweretsedwa ku holo ya bungwe kudzayesedwa. Zidindo zitatuzi zikuyankha mafunso atatu: wapanga ndani, wayesa ndani, liti. Supuni ikapezeka yachinyengo patapita zaka khumi, wosula akudziwika, woyesa amene anaivomereza akudziwikanso, onse awiri mlandu uli pakhosi. Katundu wolephera ankaphwanyidwa. Boma linawakhulupirira mpaka kuwapatsa ntchito yoyesa ndalama zachitsulo za dziko lonse, ndipo amachitabe zimenezi chaka ndi chaka pa mwambo wa Trial of the Pyx ku Goldsmiths' Hall.

Ntchito ina inali kuphunzitsa. Mnyamata ankaperekedwa kwa mmisiri kwa zaka zosachepera 7, ndipo lamulo la 1563 linafalitsa zakazi dziko lonse. Pangano linkalembedwa kawiri pa chikopa chimodzi, n'kudulidwa pakati mokhotakhota, theka kwa bwana theka kwa a mnyamata, kuti pa mlandu matheka awiriwo alumikizidwe, aone ngati akugwirizana. Bwana ankalonjeza chakudya, zovala, pogona ndi kuphunzitsa ntchito yonse osabisako. Mnyamata ankalonjeza kusakwatira, kusatchova njuga ndi kusalowa momwera mowa. Panganolo linkalembetsedwa ku bungwe komanso ku ofesi ya Chamberlain, msungichuma wa mzinda, ku Guildhall. Akamaliza ankakhala mfulu wa bungwe, kenako mfulu wa mzinda, ndipo pokhapo ankaloledwa kutsegula shopu yakeyake. Ndiye kuti kukhala nzika ya London ndi kukhala mmisiri wovomerezeka chinali chinthu chimodzi. Njira zina zolowera zinali ziwiri: kubadwa kwa bambo amene ndi mfulu kale, kapena kugula ndi ndalama.

Mkanjo sunali wa aliyense. Afulu ambiri ankafa ali afulu wamba. Bwalo la akulu, Court of Assistants, linkasankha ena amene akhazikika, kuwalipiritsa ndalama yolowera, n'kuwaveka. Pamwamba pali Master kapena Prime Warden wa chaka chimodzi, ma warden omutsatira pamzere, ndi Clerk, wolembedwa ntchito amene amakhalitsa ndipo amadziwa kumene chikalata chilichonse chili.

Walira mvula walira matope. M'zaka za m'ma 1500 mabungwe ankalamulidwa kugula tirigu ndi kumusunga kuti adzagulitsidwe motchipa chaka cha njala. Mfumu ikafuna ngongole ya nkhondo, meya ankagawa mtolowo pakati pa mabungwe malinga ndi kulemera kwawo, ndipo ndalama zambiri sizinabwererenso. Ankasunga zida ndi onga. Mfumu James inawakakamiza kulipira ntchito yokhazika atsamunda kumpoto kwa Ireland, n'chifukwa chake mu 1613 tawuni ya Derry inatchedwa Londonderry. Moto waukulu wa 1666 utapsereza maholo awo 44, khonsolo inalamula mabungwe akuluakulu kusunga zidebe, makwerero ndi mapampu ozimitsira moto. Masukulu nawo anawasenza: St Paul's, imene John Colet anayambitsa mu 1509, anaisiya m'manja mwa a Mercers, bungwe la ogulitsa nsalu, ndipo matelala anatsegula yawo mu 1561. Mu 1878 mabungwe 16 pamodzi ndi khonsolo anayambitsa City and Guilds of London Institute, ija masatifiketi ake agogo ambiri amakaniko ndi amagetsi anasunga pansi pa sutikesi kuno ndi ku Malawi komwe.

Kukangana kwa mipando nako kunalipo, musaganize kuti ndi matenda athu okha. Mu 1484 matelala ndi a Skinners, ogulitsa zikopa zaubweya, analimbana pa nkhani ya bwato la ndani liyende patsogolo pa chionetsero cha meya. Meya Billesden anagamula kuti azisinthana, chaka chino uyu nambala 6 uyo nambala 7, chaka chamawa mosemphana, ndiponso aziitanirana chakudya chaka chilichonse. Akusinthanabe.

Mbali yonunkha tisaibise. Bungwe lokhala ndi mphamvu yolowetsa lili ndi mphamvu yotsekera kunja. Wobwera, kaya wochokera kutsidya la nyanja kaya kumudzi wapafupi, sankaloledwa kuchita malonda momasuka mumzinda. Pa 1 Meyi 1517 anyamata ophunzira ntchito anaukira amisiri ochokera maiko ena, kuthyola nyumba ndi mashopu awo. Ife amene tinakula tikutchedwa mabwidi, dzina lonyoza obwera, sitifunika kulongosoleredwa kuti zimenezi zimamveka bwanji. Kuno komwe, lamulo la Industrial Conciliation Act la 1934 silinamuwerenge munthu wakuda ngati wantchito, moti mabungwe a amisiri achizungu anadzisungira okha maphunziro a ntchito ndi malipiro ake. Munthu ankamanga makoma zaka makumi awiri ali dakaboyi papepala.

Kuwola kwina kunachokera mkati. Njira zija zolowera mobadwa ndi mogula zinadzaza mabungwe ndi ana a matelala osagwirapo singano ndi amalonda olemera, amene analanda mipando yonse, amisiri enieni n'kutsala pansi. Pofika m'ma 1800 ambiri anali malo a maphwando chabe, mpaka boma linakhazikitsa kafukufuku pa chuma chawo mu 1880. Mayi woyamba kukhala Lord Mayor, Mary Donaldson, anafika pampando mu 1983. Lero mabungwewa apitirira 110, kuphatikiza atsopano monga la akatswiri a makompyuta, limene linakhala la nambala 100 mu 1992, la oyendetsa matekisi ndi la anamwino. Ambiri mwa mamembala sagwira ntchito ya dzina la bungwe lawo, ndipo chachikulu chimene amachita ndi kuthandiza masukulu ndi osauka. Zimenezo ndi zawo. Chofunika kwa ife ndi chimene ankachita manja akadali ndi zikang'a.

Kumanga lathu

Meya wa Harare amasankhidwa ndi makhansala, ndipo palibe amene adzaitane owotcherera ku chisankho chimenecho. Zilibe kanthu. Pali zitseko zina, koma wogogoda ayenera kukhala bungwe lenileni.

Poyambira ndi ntchito imodzi, pamalo amodzi. Bungwe la "onse ochita malonda" limathera pa nkhani yogawa malo, ndipo wogawa malo ndiye amadya. Owotcherera mageti ndi mafelemu a mumzere umodzi ku Siyaso, anthu 30 kapena 40, angathe kugwirizana kuti geti labwino ndi lotani. Khomo likhale lotseguka kwa Mshona, Mndebele, Msena, Myao, Mchewa, mayi kapena bambo, bola ntchito yake ikhoze. Mwana wa membala ayesedwe ngati wina aliyense.

Muyeso ukwane pa tsamba limodzi. Kwa owotcherera, mwachitsanzo: paipi ya sikweya ya 25 ndi 25 ikhale yochindikala mamilimita 1.6, ndipo wogwiritsa ya 1.2 anene kwa wogula ndi kulemba pa lisiti. Chinyengo chofala ndi kulipiritsa mtengo wa paipi yochindikala pa yopyapyala, n'kutseka mapeto ake onse kuti wogula asaone mkati. Woyendera amafunika vernier yoyesera kuchindikala, sikweya, tepi ndi kahamala. Ayese felemu ngodya ndi ngodya mopingasa. Miyeso iwiriyo ikasiyana kuposa mamilimita atatu pa felemu la chitseko, chitsekocho chidzakhala chokankha ndi phewa. Agogode pa mfundo zonse. Mfundo yongodontheza apa ndi apo n'kumata filala imaoneka yosalala bwino pansi pa penti, koma imang'aluka geti likamagunda pa sitopa m'mawa ndi madzulo. N'chifukwa chake kuyendera kumachitika penti isanapakidwe. Ndipo pansi pa penti pakhale red oxide, penti yoteteza dzimbiri, pachitsulo chopalidwa bwino. Popanda iyo dzimbiri limatuluka mvula yoyamba isanathe.

Kwa okhoma masofa mdani ndi matabwa a paini aawisi. Amauma ali kale m'nyumba ya wogula, n'kufota, misomali n'kukhwepa, sofa n'kuyamba kulira munthu akakhalapo. Kachipangizo koyesera chinyezi bungwe ligule kamodzi, ka onse, ndipo thabwa lopitirira 15 peresenti libwerere padzuwa. Mfundo zonyamula thupi la munthu zikhale za guluu ndi masikuluwu, masitepula ndi a nsalu basi. Siponji yokhalira ikhale ya density 28 kupita m'mwamba, chifukwa yopepuka imaphwa m'miyezi yochepa n'kusiya munthu atakhalira thabwa. Apanso kuyendera kuchitike nsalu isanakutidwe. Oumba mapoto a aluminiyamu ali ndi lamulo limodzi loposa onse: zidutswa za mabatire ndi zitsulo zina zokhala ndi mtovu zisalowe mu ng'anjo. Mtovu suoneka ndi maso, umasungunukira mu ndiwo, ndipo umawononga ubongo wa ana.

Chidindo chitsate chija cha osula siliva: nambala ya membala, chizindikiro cha bungwe, chaka. Pa geti chikhomedwe ndi manambala achitsulo pafupi ndi hinji, pa sofa chiwotchedwe pa thabwa lapansi. Chidindo cha bungwe chisagone m'thumba la munthu mmodzi. Oyendera akhale awiri, azisinthana miyezi itatu iliyonse, ndipo pasapezeke woyendera ntchito yake kapena ya mbale wake. Chimene chimapha dongosolo lotere ndi tsiku limene chidindo chagulitsidwa ndi botolo la mowa. Paja nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Geti limodzi lodindidwa likagwera mwana wa munthu, mageti onse a mzerewo atsika mtengo.

Wogula wodandaula abwere ndi lisiti. Anthu atatu amve mlanduwo mkati mwa sabata imodzi, wolakwa akonze mwaulere mkati mwa masabata awiri. Akakana, bungwe likonze ndi thumba lake, n'kumulanda nambala. Dipoziti isapitirire mtengo wa zipangizo, ndipo tsiku lomaliza ntchito lilembedwe, chifukwa kudya dipoziti ya uyu kuti umalizire ntchito ya uyo ndi kumene kwanyozetsa amisiri ambiri abwino. Apa ndiye povuta penipeni, abale anga. Amene mukumulanda nambalayo ndi yemwe uja anakumba nawo manda a mayi anu. Bungwe la maliro limakhazikika pa chifundo, la ntchito limafuna mtima wotha kukana mnzako. Ndi chifukwa chake ndimati awiriwa akhale ndi makomiti osiyana ngakhale anthu ake ali omwewo.

Za ophunzira ntchito. Sipanala boyi amatha zaka zisanu akusesa, kugwira chitsulo ndi kutumidwa kukagula nsima, osapatsidwa mpata wogwira makina, chifukwa bwana akuopa kudzipangira wopikisana naye. Pochoka alibe kapepala kalikonse. Pangano lilembedwe katatu: la bwana, la wophunzira ndi la m'buku la bungwe. Litchule zaka, ndipo zinayi zimene maphunziro a ntchito a boma amatenga ndi muyeso wabwino. Litchule zoyenera kudziwa pakutha pa chaka chilichonse, ndalama ya pasabata, ndi amene agule chisoti chowotcherera, magalasi ndi nsapato. Mwana wosakwana zaka 16 malamulo a ntchito samulola. Pakutha pa chaka wophunzira apange chinthu pamaso pa oyendera, bwana wake kulibe. Akalephera ophunzira awiri atatu a bwana mmodzi, wofunsidwa ndi bwanayo. Cholinga chikhale trade test ya boma, imene imayambira Class 4 kukwera mpaka Class 1. Kumeneko amafuna umboni wa zaka zimene munthu wagwira ntchito, ndipo buku la bungwe losungidwa bwino limathandiza polemba makalata ake.

Ndalama zikhale m'matumba atatu osasakanizana: la maliro, la ntchito ndi la moto. Mukaphatikiza, maliro amadya zonse, poti palibe amene angakane kutulutsa ndalama mtembo uli m'nyumba. Osayina akhale atatu, awiri akwanire kutulutsa, msungichuma asakhale mbale wa tcheyamani, ndipo buku liziwerengedwa mokweza pa msonkhano wa mwezi uliwonse. Za kusunga ndalama zambiri m'buku la banki, aliyense wa kuno anaona mmene ndalama zinathera mphamvu mu 2008 ndi mu 2019, ndipo ndalama ina, ZiG, inabwera mu Epulo 2024. Mabungwe a ku London anapirira zaka mazana chifukwa chuma chawo chinali m'malo ndi m'nyumba za lendi. Ndalama yotsala isanduke kompuresa, makina opindira zitsulo kapena jenereta yobwereketsa kwa mamembala pamtengo wodziwika. Tcheyamani akhale chaka chimodzi, wachiwiri wake alowe m'malo, mlembi yekha ndiye akhalitse. Malaya a chipani, chilichonse, atsale kunyumba. Anthu a ku Mbare akudziwa chimene chimachitikira msika malo ake akayamba kugawidwa potsata khadi.

Pa malamulo njira ndi zitatu: bungwe wamba lokhala ndi malamulo ake olembedwa, onena kuti bungwelo lingakhale ndi katundu m'dzina lake; trust yolembedwa ndi loya n'kulembetsedwa ku Deeds Office; kapena kopaletivi pansi pa Co-operative Societies Act. Lamulo la mabungwe othandiza anthu, PVO Act, linasinthidwa mu 2025, choncho onanani ndi loya musanasankhe.

Chitseko cha ku Town House, likulu la khonsolo

Gawo 219 la Urban Councils Act limati khonsolo ikafuna kukhazikitsa mitengo ndi misonkho yatsopano iyenera kulengeza m'nyuzipepala ndi kupereka masiku osachepera 30 oti anthu atsutse. Anthu 30 kapena kuposerapo, ovota kapena ogwiritsa ntchito chimene akulipiritsacho, akalemba zotsutsa, khonsolo iyenera kukhalanso pansi, kuona zotsutsazo ndi kuvotanso, ndipo mitengoyo singayambe pokhapokha opitirira theka la makhansala onse avomerezenso. Sikuti mwaletsa, koma mwawakakamiza kubwerera pa nkhani yanu poyera. Taonani nambalayo: 30. Ndi bungwe limodzi la mumzere umodzi.

Zimalephereka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chilengezo chimatuluka chakumapeto kwa chaka, amisiri ali kalikiliki ndi maoda a Khirisimasi, ndipo amamva masiku atatha. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake kuyambira Okotobala ndi kuwerenga zilengezo za khonsolo ndi kupita ku misonkhano ya bajeti ya m'wadi. Aliyense alembe kalata yakeyake, ndi dzina, nambala ya chitupa ndi keyala, mutenge makope awiri, imodzi idindidwe ku ofesi ya khonsolo n'kubwerera m'fayelo ya bungwe. Kalatayo itchule mzere wa bajeti umene mukutsutsa ndi mtengo umene mukuti ndi woyenera. Yongolira kuti zinthu zavuta imaikidwa pambali.

Chachiwiri ndi chathu ife makamaka. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri obadwira kuno ndi zitupa zolembedwa kuti ndi obwera, opanda voti. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, amati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo ankakhala kuno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Koma chitupa sichisintha chokha. Munthu ayenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi satifiketi yake ya kubadwa, kusintha chitupa, kenako kukalembetsa ku ZEC, bungwe loyendetsa zisankho. Mlembi wa bungwe akhale ndi mndandanda wa amene sanasinthe, aziperekezedwa awiriawiri. Khansala amawerenga mavoti.

Nkhani yopita nayo patsogolo pa zonse ndi moto, chifukwa apa bungwe lili ndi chopereka. Area 8 yapsa kambirimbiri, Mbare Musika inapsa mu Okotobala 2024, ndipo zoyambitsa sizobisika: siponji, utuchi, thinazi ndi guluu pamalo amodzi, mawaya olumikiza mwachisawawa, mbaula zoothera usiku wa Juni, ndi tinjira topanikizana toti galimoto ya ozimitsa moto singalowe. Bungwe lilembe zimene lichite lokha. Njira zazikulu zisiyidwe mamita anayi, popanda thabwa kapena sofa lotsamira. Utuchi uzichotsedwa tsiku lililonse. Thinazi ndi siponji zizigona m'chipinda cha njerwa kapena mu kontena, kutali ndi powotcherera. Chozimitsira moto cha ufa cha makilogalamu 9 chikhale pakona ya mzere uliwonse, chiziyesedwa chaka ndi chaka, ndipo anthu aphunzitsidwe kuti moto wa thinazi kapena wa magetsi suthiridwa madzi. Mawaya akokedwe ndi wamagetsi wa mapepala, pakhale switchi imodzi yozimitsa mzere wonse poweruka. Alonda a usiku akhale ndi ndandanda yosayinidwa. Zimenezi zikayamba kuoneka, pitani nazo ku khonsolo ndi zopempha ziwiri zokha: mpope wa ozimitsa moto wotuluka madzi, ndi pangano la malo lolembedwa.

Pangano la malolo ndi limene ambiri analibe mu 2005, pamene Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misasa, anasesa Siyaso ndi malo ena, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito. Likhale lotchula zaka, malire a malo, lendi ndi nthawi ya chenjezo khonsolo ikafuna malowo. Lilembedwe m'dzina la bungwe. Likalembedwa m'dzina la tcheyamani, tsiku limene iye wamwalira limalowa m'chuma chamasiye, ana ake n'kuyamba kutolera lendi kwa anthu amene anasonkha ndalama zolipezera.